Kodi tingasefe golide mumtsinje pongosangalala osapalamula mlandu?

Funsoli lachokera kwa bambo wina wa ku Chilomoni, ndipo ndalifupikitsa pang'ono:

"Ndine mphunzitsi. Anyamata anga awiri atengeka ndi makanema a pa YouTube oonetsa azungu akupita kumtsinje Loweruka ndi kambale kukasefa mchenga kufuna golide, osati monga ntchito koma pongopititsa nthawi. Mvula itagwa yambiri mwezi watha tinapeza tinthu tonyezimira mumchenga wa m'khwawa lotsika kuchokera ku Michiru, ndipo anawo atisunga m'botolo. Mlamu wanga wa ku Neno akuti tipite kwawo, amfumu ndi anzake, sipadzakhala vuto. Kodi kuchita zimenezi ndi mlandu? Malo ololedwa ndi ati? Nanga tikapeza kenakake, tingasunge kapena kugulitsa?"

Aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa musananyamule fosholo. Ambiri amene amabwera kwa ine ndi nkhani ngati iyi amafika apolisi atawalanda kale zida, kapena atataya kale ndalama pa makina oti alibe koti akawagwiritse ntchito. Mtima ukhale m'malo. Kuchita chidwi ndi miyala si mlandu, ndipo mwana amene wayamba kufunsa kuti chonyezimirachi n'chiyani ndi woti mumulimbikitse, chifukwa dziko lino likufuna akatswiri a za miyala ndi migodi. Chimene muyenera kudziwa poyamba n'chakuti lamulo lathu silisiyanitsa munthu wofufuza golide mosewera ndi wofufuza kuti agulitse. Onse awiri limawafunsa chiphaso.

Tiyambe ndi botololo, popeza anawo sagona nalo tulo. Ndikhoza kubetcha kuti m'botolomo muli mica, mwala wonyezimira wokhala ngati tizipepala. Miyala yambiri ya kuno ku Blantyre ili ndi mica wakuda, amene akakhalitsa pamvula ndi padzuwa amasanduka wachikasu n'kumanyezimira mumchenga. Kuyesa kwake n'kosavuta. Thirani madzi m'botolomo, mulikhutchumule, n'kuliika pathebulo. Mica amazungulira m'madzimo kwa kanthawi, kutembenuka uku ndi uku asanakhazikike, pomwe golide amagwa pansi nthawi yomweyo. Kenako tengani kamodzi, mukaike pa mbale yadothi n'kukadinda ndi singano. Mica amasendeka tizipepala topyapyala. Pyrite, mwala wina umene umapusitsa anthu ambiri, umaphwanyika n'kusiya ufa wakuda. Golide saphwanyika, amangophwatalala kapena kupindika chifukwa ndi wofewa. Mukaphimba ndi dzanja kuti dzuwa lisafikepo, mica amazima, koma golide amakhalabe wachikasu ngakhale pamthunzi. Mitsinje ya mumzinda uno, kaya Mudi, Naperi kapena Likhubula, sidziwika ndi golide, ndipo zinyalala ndi madzi oipa zimene zimalowamo n'zokwanira kuti ana musawalowetsemo manja tsiku lonse.

Tsono za lamulo. Kwa zaka zambiri tinkayendera lamulo la migodi la 1981. Linalowedwa m'malo ndi la 2019, kenako kunabwera Mines and Minerals Act ya 2023, imene inakhazikitsa bungwe la Mining and Minerals Regulatory Authority kuti liziyang'anira ziphaso ndi ntchito zonse za migodi. Pa kusintha konseko mfundo imodzi sinagwedezeke: miyala yamtengo wapatali yonse ya pansi pa nthaka ya Malawi ndi ya dziko. Munda ukhoza kukhala wanu, wosiyiridwa ndi agogo anu, kapena puloti yokhala ndi mapepala onse, koma golide wa pansi pake si wanu. Anthu ambiri zimawawawa akamva zimenezi, koma si ife tokha. Ngakhale ku Britain golide wambiri wa m'nthaka ndi wa ufumu.

Makanema amene anyamatawo akuonera amajambulidwa m'mayiko amene anakonza khomo lapadera la anthu ongosangalala. Ku New Zealand boma linapatula malo angapo m'mitsinje kumene aliyense akhoza kusefa ndi zida zamanja popanda chiphaso. M'chigawo cha Victoria ku Australia munthu amagula chikalata chotchedwa Miner's Right, chimene chimamulola kufufuza m'malo osankhidwa ndi kusunga zimene wapeza. Kuno malo otero kulibe. Ine ndimaona kuti tikutaya mwayi, chifukwa kagawo kamodzi ka mtsinje koyang'aniridwa bwino kakanathandiza masukulu ndiponso kukopa alendo. Komabe ndimamvetsa chifukwa chake akuluakulu sachita changu. M'mbali mwa mtsinje, aliyense wogwidwa ndi beseni amati "ndimangoyesa", ngakhale amene ali ndi anyamata khumi m'maenje kuseri kwa chulu.

Chiphaso choyandikira kwambiri zimene mukufuna ndi chimene chimatchedwa non-exclusive prospecting licence. N'cha a Malawi, n'cha nthawi yochepa, ndipo chimakulolani kufufuza m'dera limene latchulidwamo popanda kukupatsani mphamvu yoletsa ena kufufuza momwemo. Dziwani kuti kufufuza ndi kukumba n'zosiyana pamaso pa lamulo. Chiphaso chofufuzira sichikusandutsani mwini mgodi. Mukapeza malo abwino n'kufuna kuyamba kutulutsa golide woti muzigulitsa, pamafunika china, cha migodi ing'onoing'ono, ndipo pamenepo pamalowanso nkhani ya kasamalidwe ka chilengedwe. Palinso chisokonezo chimene ndimakumana nacho kawirikawiri. Munthu amabwera ndi chilolezo cha ku khonsolo, chodindidwa bwinobwino, akuganiza kuti wamaliza. Zilolezo za ku khonsolo n'za zinthu zomangira monga mchenga ndi miyala ya maziko. Golide sizimukhudza.

Chinanso chimene anthu ambiri sachiganizira n'chakuti dera limene mukuliona ngati tchire lopanda mwini likhoza kukhala kuti lili kale m'chiphaso cha kampani ina yofufuza miyala, ngakhale simukuonapo galimoto kapena chikwangwani. Boma lili ndi mapu a ziphaso zonse, otchedwa mining cadastre, ndipo amaoneka pa intaneti. Musanapemphe chilichonse, yang'anani kaye ngati dera la kwa mlamu wanulo lili lotseguka. Kuyambira pomwe zotsatira za kauniuni, kafukufuku wa miyala ya pansi pa nthaka wochitika ndi ndege, zinatulutsidwa mu 2015, chidwi cha makampani pa madera ngati amenewa chinakula.

Tifike kwa mlamu wanuyo. Sakunama kuti ku Neno kuli golide. Chigwa cha mtsinje wa Lisungwi, umene umatsika kuchokera ku mapiri a Kirk Range n'kukathira mu Shire, chakhala chikudziwika ndi golide wa mumchenga kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo m'zaka za m'ma 1930 anthu ankasefa kale kumeneko. Kuchokera ku Blantyre ndi ulendo wa tsiku limodzi kupita ndi kubwera, kudzera ku Lunzu ndi Zalewa. Madera ena odziwika ndi Makanjira ku Mangochi, mbali zina za Balaka ndi Machinga, Nathenje ku Lilongwe, komanso Nkhotakota ndi Kasungu. Pamene mlamu wanu akuphonya ndi pa mphamvu za amfumu. Amfumu ali ndi mawu pa malo, pa za amene angalime pati ndi amene angalowe m'mudzi mwawo, ndipo mawu amenewo ndi olemera. Koma sangapereke chimene si chawo. Chilolezo cha amfumu, kaya chapakamwa kaya cholembedwa ndi chidindo cha agulupu, sichilowa m'malo mwa chiphaso cha boma, ndipo tsiku limene apolisi adzafike, amene adzakwere galimoto yawo ndinu, amfumu adzatsala pakhonde.

Izi sizikutanthauza kuti mukakhala ndi chiphaso muwadumphe amfumuwo. Mukatero mwadziputira mavuto ena. Pitani ndi mlamu wanu, mukapereke moni mwaulemu, muonetse pepala lanu, mufotokoze kuti ndinu angati, mukhala nthawi yotani, ndipo mugwiritsa ntchito zida zanji. Kenako mukaonane ndi mwini dimba limene lili m'mbali mwa pomwe mukufuna kuima. Ameneyu ndiye amaiwalika, chonsecho ndiye amatsala ndi zotsatira zake. Ndinafikapo pa gombe lina pamene anthu anali atasefapo nyengo imodzi yokha. Nthochi zinali zitapendekera kumadzi chifukwa anazikumba kunsi kwa mizu. Pamene panali mabedi a mpiru panali maenje odzaza madzi obiriwira, udzudzu uli ng'waa, ndipo amayi ankadutsa ndi ndowa zawo kupita kutali kumtunda chifukwa madzi a pamalo pawo otungira anali atasanduka phala lofiira. Mwini dimbalo, bambo wachikulire, sanakumbeko ngakhale kamodzi. Anangolola mwana wa mlongo wake kuti "ayese pang'ono".

Pali chinthu chimodzi chimene anthu a m'tauni sachiona msanga. Inu mukafika pagalimoto ndi ana ovala bwino, n'kugwada pamtsinje ndi beseni, m'mudzimo palibe amene adzakhulupirire kuti mukusewera. Pofika madzulo mbiri idzakhala itamveka kuti abwana a ku Blantyre apeza golide pa dooko la uje. Inu mudzabwerera ku Chilomoni, koma sabata yotsatira pamalopo padzakhala anthu ndi mapiki, ndipo amene adzafunsidwe kuti anabweretsa alendowo ndani ndi mlamu wanu. Muganizireni.

Malo ena ndi otsekeka ngakhale mutakhala ndi chiphaso chofufuzira m'thumba, pokhapokha patakhala chilolezo chapadera cha amene amawayang'anira, chimene munthu wongosangalala asachiyembekezere. Nkhalango zotetezedwa zili pansi pa lamulo la nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo malo osungira nyama monga Majete ndi Lengwe ali ndi lamulo lawolawo lokhala ndi zilango zowawa. Michiru amene mwamutchulayo ndi malo otetezedwa, choncho anyamatawo asakwere ndi khasu kulondola kumene tonyezimirato tikuchokera. Ku nkhalango ya Namizimu ku Mangochi zinafika poti asilikali a Malawi Defence Force anachita kukachotsa anthu okumba. Manda, malo a mbiri yakale, m'mphepete mwa misewu ndi njanji, pansi pa milatho, ndi pafupi ndi madamu a madzi akumwa monga la Mudi, musayandikireko n'komwe. Ndipo kwa ife a mumzinda uno, amene tinaona zimene matope otsika m'phiri la Soche anachita ku Chilobwe nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023, nkhani yokumba m'mapiri ndi m'makhwawa siyofunika kuchita kutilalikira. Makina ofufuzira zitsulo aja ogulitsidwa pa intaneti sasintha kanthu. Ngati mukufufuza nawo golide, mukufufuza miyala, ndipo lamulo ndi lomwelo.

Za kusunga ndi kugulitsa. Golide ali m'gulu la miyala imene malonda ake boma limawayang'anira mwapadera, ndipo wogula amayenera kukhala ndi chiphaso chake chotchedwa reserved minerals licence. Kuyambira mu 2021 Reserve Bank of Malawi yakhala ikugula golide kwa okumba ang'onoang'ono kudzera ku bungwe lake la Export Development Fund, pofuna kuti asamangotuluka m'dziko mozemba. Imeneyo ndiyo njira yowongoka. Munthu wokuimbirani foni usiku kuti mukumane kuseri kwa sitolo ku Limbe, ali ndi kasikelo m'thumba, akhoza kukuberani pa sikelo, kukupatsani ndalama zachinyengo, kapena kukugwiritsani kwa apolisi, ndipo simungakadandaule kulikonse. Chinyengochi chimayendanso mobwerera: mukadziwika kuti mumakonda za golide, adzabwera ena kudzakutsatsani "golide wa ku Mozambique" wotchipa, amene ndi tizidutswa ta mkuwa topalidwa ndi tupa. Kutuluka naye m'dziko, kaya pa Chileka kaya pa chipata cha Mwanza, popanda chilolezo chotumizira kunja, ndi mlandu waukulu ngakhale atakhala wochepa wofuna kukaonetsa mnzanu ku Johannesburg. Ngati mukufuna kusunga tizidutswa tochepa ngati chikumbutso, funsani zimenezo polemba kalata yopempha chiphaso, ndipo yankho lake likhale lolembedwa.

Musayembekezerenso zambiri. M'makanema amadula maola onse amene munthu sanapeze kanthu. Golide wa m'mitsinje yathu nthawi zambiri ndi fumbi ndi timaso tating'onoting'ono, ndipo munthu wozolowera amatha kuwerama tsiku lonse osakwanitsa ngakhale galamu imodzi. Mukawerengera mafuta a galimoto ndi chakudya, mudzaona kuti awa ndi masewera odya ndalama ngati ena onse.

Koma luso lake ndi lokoma kuliphunzira, ndipo kwa mphunzitsi ngati inu muli phunziro la sayansi lathunthu. Chinsinsi chonse ndi kulemera. Golide amalemera kuposa madzi ka 19, pomwe mchenga wamba sufika n'katatu komwe. Botolo la lita imodzi litadzaza golide lingapitirire makilogalamu 19. N'chifukwa chake mtsinje ukasefukira, golide amakhazikika pomwe madzi afooka: mkati mwa khona, kuseri kwa mwala waukulu, ndi m'ming'alu ya thanthwe la pansi. Wosefa amangobwereza zimene mtsinje umachita. Amadzaza beseni mchenga ndi timiyala kupitirira theka, n'kulimiza m'madzi odekha. Amafikisa dothi ndi zala mpaka matope onse atachoka, n'kutaya miyala ikuluikulu ataitsukira momwemo. Kenako amagwedeza beseni uku ndi uku lili m'madzi kuti zolemera zitsike, n'kulipendeketsa pang'ono kuti madzi akokolole za pamwamba zokha. Akatero amaliwongola, kugwedezanso, kupendeketsanso. N'chimodzimodzi mayi wopeta mpunga m'lichero, amene sathamangira kutaya koma amadziwa kuti chopepuka chimadzipatula chokha. Pomaliza pamatsala kamchenga kakuda kodzaza supuni imodzi kapena ziwiri, nthawi zina kosakanikirana ndi timiyala tofiira ta garnet. Mukayendetsa maginito okulungidwa m'pulasitiki pamwamba pake, gawo lina la kamchengako limanyamuka. Mukazunguza timadzi pang'ono pa zotsalazo, golide ngati alipo amaonekera kumbuyo kwenikweni, osafuna kusuntha.

Zonsezi mukhoza kuziphunzira pabwalo la kunyumba kwanu osapempha chilolezo kwa aliyense. Tengani mchenga wa pamulu womangira, mudule waya wa kopa tizidutswa khumi tating'ono, mutisakanize mumchengamo, ndipo anyamatawo apikisane kusefa m'bafa lodzaza madzi. Wopambana ndi amene wabweza tizidutswa tonse khumi. Kopa amalemera pafupifupi theka la golide, choncho amene waphunzira kusataya kopa sangataye golide. Musagwiritse ntchito mtovu ngakhale ena amatero, chifukwa ndi poizoni kwa ana. Mukafuna kuti aone miyala yeniyeni ndi anthu oidziwa, lemberani a Geological Survey Department ku Zomba kupempha ulendo wa sukulu. Kumeneko n'kumenenso mungapititse mwala uliwonse wokukayikitsani kuti akauone, m'malo mokauonetsa kwa mavenda.

Ngati mudzafike popita kumtsinje ndi mapepala onse, pitani m'chilimwe madzi ataphwa. Nthawi ya dzinja mitsinje yochokera kumapiri imadzaza mwadzidzidzi ndi mvula imene yagwa kutali inu muli padzuwa. Kufupi ndi Shire kuli ng'ona. Madzi odekha ali ndi likodzo, choncho mwana akayamba kukodza magazi kapena kumva m'mimba patapita masabata angapo, muuzeni dokotala kuti analowa m'madzi a kumtsinje. Mwana asalowe m'dzenje lililonse lokumbidwa ndi ena, ndipo inu musakumbe kunsi kwa gombe. Imfa zambiri za okumba golide zimachitika choncho: dothi la mchenga limaoneka lolimba mpaka pamene lagumuka, ndipo munthu wokwiririka amatha mpweya anzake asanamufukule. Kadzenje kalikonse kamene mwakumba, kwirirani musanachoke.

Chimene ndikukuletsani kotheratu ndi mercury. Mukafika kumene anthu amasefa, wina adzakuonetsani kabotolo ka madzi olemera onyezimira ngati siliva, n'kukuuzani kuti popanda amenewa mukungotaya nthawi. Mercury amagwira fumbi la golide n'kupanga kampira kofewa, ndipo amakaotcha pa supuni kapena pa mbaula kuti mercury auluke, golide atsale. Nthunzi yakeyo ilibe fungo ndipo sioneka, koma imalowa m'mapapo n'kukawononga ubongo ndi impso. Imakakamira m'makoma ndi m'zovala, kotero kuti wootchera m'khitchini amadwalitsa banja lonse, makamaka ana ndi amayi oyembekezera. Wotayikira mumtsinje amalowa mu nsomba n'kubwerera pa mbale zathu. Pangano la mayiko onse lochepetsa mercury, la mu 2013, linatchedwa Minamata pokumbukira tauni ya ku Japan kumene anthu ambiri analumala ndi kufa atadya nsomba zoipitsidwa ndi mankhwalawa. Munthu wosefa mosangalala sawafuna n'komwe, timaso ta golide amatitola ndi nsonga ya chala chouma n'kutigwetsera m'kabotolo ka madzi. Ngati mlamu wanu kapena wina wa kwawoko wakhala akuotcha mercury ndipo wayamba kunjenjemera manja, kuiwalaiwala, kupsa mtima pachabe, kutupa nkhama kapena kumva kukoma kwa chitsulo m'kamwa, apite kuchipatala msanga ndipo akanene mosabisa ntchito imene amagwira, chifukwa akabisa adzangopatsidwa mankhwala a matenda ena.

Polembera a Mining and Minerals Regulatory Authority, tchulani dzina la mtsinje, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, ndipo ngati foni yanu imatha kuonetsa manambala a malo pa mapu, alembeni. Nenani kuti zida zanu ndi beseni, sefa ndi fosholo basi, kuti mudzakhala ndi ana, ndiponso kuti cholinga si malonda. Funsani mtundu wa chiphaso chokuyenerani, mtengo wake wa panopa, ndi zimene muyenera kuchita ndi golide amene mungapeze. Ndalama iliyonse lipirani ku ofesi kapena ku banki n'kulandira lisiti ya boma, osati kwa munthu wolonjeza kuti akufulumizitsirani. Ngati nkhaniyo idzakule, mlamu wanu ndi anzake n'kufuna kupanga gulu lokumba movomerezeka, pamenepo mudzafune loya woti aone mgwirizano wanu ndi eni malo, komanso malangizo a Malawi Environment Protection Authority musanaguleko pampu kapena makina alionse.